Mwala Wachikhumi pa Kolona wa Mayi Anastaziya

Mwa anthu amene tinawaperekeza kumanda chaka chathachi, palibe amene dzina lake likumveka kawirikawiri pabwalo la kapela yathu ya ku Mitande ngati Mayi Anastaziya Eliya. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa amene akuwatama kwambiri lero ndi omwe aja ankasendera kutali mayiwa akakhala pansi m'kapela. Maina sititchula. Eni ake akudzidziwa, ndipo Mulungu safuna womukumbutsa. Ife tingolongosola moyo wawo m'mene unayendera, kuti ana amene akubatizidwa tsopano adziwe katundu amene kolona wa miyala yofiira uja anawasenzetsa.

Anastaziya anabadwira ku Ngauma m'nthawi ya atsamunda, m'banja la alimi a chimanga. Sukulu sanapite nayo patali chifukwa zilembo zinkamuthawa, koma zala zake zinali zanzeru. Sisitere wina wa ku mishoni atamuona akutungira anzake mikanda, anamuphunzitsa kutunga kolona: magawo asanu, gawo lililonse mikanda khumi ya Tikuoneni Maria, pakati pa magawo mkanda wa Atate Athu, kunsonga kamtanda. Mikanda ya m'sitolo kunalibe, choncho ankatola njere zotuwa, zolimba, za udzu wina womera m'madambo, zimene zimakhala kale ndi kabowo pakati. "Mulungu anaziboola yekha," ankatero, "ife yathu n'kungolowetsa ulusi." Kuimba kokha ndiye sankatha, ndipo a kwaya anamupirira kuyambira ubwana mpaka ukalamba.

Atakula anakwatiwa ndi Bambo Eliya, munthu wofatsa, mlimi wa fodya. Nkhondo itafika m'midzi anathawira ku Malawi kudzera ku Mandimba, ali ndi ana awiri. Chikuku chitalowa mumsasa, ana onse awiriwo anawasiya m'nthaka ya eni. Pamaliro a mwana wachiwiri Mayi Anastaziya anafooka m'mphepete mwa dzenje, ndipo mayi wina wothawa nkhondo mnzawo, dzina lake Veronika, anawagwira mkono kuti asagweremo. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa anakhala pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo, khasu limodzi, mtondo umodzi. Mtendere utabwera anabwerera limodzi mu 1993 n'kumanga nyumba kuno ku Mitande, makomo moyang'anizana. Chaka chomwecho onse awiri anabereka ana aamuna. Wa Mayi Anastaziya anamutcha Benvindo, wa Mayi Veronika anamutcha Pedro, ndipo anawo anakula osadziwa bwinobwino kuti khomo lawo lenileni ndi liti.

Bambo Eliya anamwalira Benvindo asanayambe sukulu, ndipo Mayi Anastaziya sanakwatiwenso. Fodya ankalima okha, kumusoka okha m'chigafa, chimanga n'kumapalira mbali ina. M'gulu la amayi a Lejiyo ya Maria ndi iwo ankatumidwa kwa odwala amene ena ankanyansidwa nawo, ndipo maliro akagwa ankakhala oyamba kufika kudzasambitsa thupi. Lamulungu lililonse Misa ikatha ankakhala pansi pa mtengo wa mango, singano m'manja, anthu akuwabweretsera makolona oduka. Sankalandira kanthu, ngakhale chinangwa. Mwini kolona akachita manyazi kuti anamudula mosasamala, iwo ankati, "Kolona woduka sanafe, akungofuna dzanja."

Benvindo atakula fodya anayamba kumutopetsa. Mbiri inali itamveka kuti cha ku Cuamba anyamata akukumba m'maenje miyala yofiira yotchedwa giranada, ndipo ogula akuilimbirana. Anamunyengerera Pedro kuti apitire limodzi. Mayi Veronika anakana kwamtuwagalu, koma Mayi Anastaziya ndi amene anawafewetsa mtima. "Asiyeni apite onse awiri, amake Pedro," anatero, "wina aziyang'anira mnzake." Mawu amenewa anadzawalemera pamtima moyo wawo wonse.

Nthawi iliyonse Benvindo akabwera kudzaona kumudzi ankabweretsera amayi ake mwala umodzi, waukulu ngati njere ya khobwe, wobulungira ngati wina anachita kuusema. Miyalayo sinkabooleka ndi singano kapena msomali. Mayi Anastaziya anamasula waya wa mkuwa m'dinamo yakufa ya njinga ya malemu amuna awo, n'kumalukira mwala uliwonse kadengu kake ka mphete ziwiri zolowetsamo ulusi. Akalandira mwala ankachotsa njere imodzi pa gawo lomaliza la kolona wawo n'kuikapo mwalawo. Wachikhumi anabwera nawo Pedro, tsiku limene amayi ake, Mayi Veronika, anali kuchigayo. Unali wofiira moderapo kuposa anzake, wobenthuka pang'ono m'mbali.

"Uwu ndakumba ndine, amayi," anatero Pedro akuseka, "kuti nanenso ndikhalepo pa kolona wanu. Benvindo asamadye mapemphero yekha."

Chakudza sichiimba ng'oma. Dzinja lotsatira mvula inanyowetsa nthaka mpaka pansi. Tsiku lina anyamata awiriwa ali m'dzenje, Benvindo anakwera pamwamba kukataya madzi a m'ndowa, ndipo asanatembenuke khoma la dzenje linagumuka. Anafukula ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka, koma Pedro anamupeza atapita kale. Thupi anabwera nalo yekha kumudzi pagalimoto ya katundu.

Maliro asanatuluke m'nyumba, manong'onong'o anali atazungulira kale msasa wa olira. Anatulukiranji m'dzenje nthawi yomweyo? Kodi okumba miyala samanena okha kuti giranada amabisala mpaka atamwa magazi? Nanga amayi ake savala miyala khumi yofiira m'khosi? Pofika masana nkhani inali itapsa: Benvindo wakhwimira miyala, wapereka mnzake, ndipo chizimba chake chili pa kolona wa amayi ake. Amalume a Pedro anamuthamangitsa Benvindo ndi mipini ya makasu asanaponye dothi m'manda, n'kulumbira kuti akadzapondanso m'mudzi adzam'tsata Pedro. Benvindo anathawira ku Cuamba. Patapita masiku ochepa Mayi Veronika anaitana womanga, anatseka ndi njerwa khomo lija loyang'anizana ndi la mnzawo, n'kuboola lina kuseri.

Kuchokera pamenepo Mayi Anastaziya anatsala ndi pempho limodzi lokha kwa Mulungu: kuti mwana wawo adzabwerere kwawo, alowe m'mudzi dzuwa likuwala, popanda womuloza chala. Ankadziwanso kuti pakamwa pamene pangatsegule njira imeneyo ndi pa Mayi Veronika pokha, chifukwa amalume aja sakanatsutsa mwini maliro.

Zaka zimene zinatsatira zinali zowawa, ndipo sitibisa kuti mpingo wathu unawawitsa nawo. Makolona oduka analeka kubwera pansi pa mango. Maliro akagwa, amayi anzawo ankawauza mwaulemu kuti osambitsa akwana kale. Ana ankakokedwa mkono akalandira mango m'manja mwawo. Koma kolona uja sanamuvule. Ankamuvala poyera pamwamba pa bulauzi, kumunda, kumjigo, kumsika, miyala ikunyezimira padzuwa, ngati munthu wosamva zimene zikunenedwa.

Katekisita wathu, Bambo Alberto, anapita kukawaona ndi mtima wabwino ndithu.

"Amayi, ine ndikudziwa kuti mwala ndi mwala," anatero. "Koma anthu ndi ofooka. Bwanji mungomuika m'bokosi kolonayu, muzipempherera wa njere zokhazokha, mpaka mitima izizire?"

"Abambo, mwalankhula mwachikondi, zikomo," anayankha Mayi Anastaziya. "Koma ndikamubisa lero, mawa adzati waona, akudziwa chimene anachita. Ndikamutaya, ndavomera ndi dzanja langa kuti mwana wanga ndi mfiti. Apadiri anamudalitsa kolonayu inu mukuona. Kodi dalitso lija linatha tsiku limene dzenje linagumuka?"

Chimene mayiwa sanauze aliyense n'chakuti mwala woderapo uja unachokera m'dzanja la Pedro. Ankadziwa anthu a kwawo: akanangomva zimenezo akanati ndi mwala womwewo anam'mangira mnyamatayo.

M'mawa uliwonse kumjigo ankapereka moni womwe uja wakale. "Mwadzuka bwanji, amake Pedro?" Mayi Veronika ankasenza ndowa n'kutembenuka ngati kwalankhula mphepo. Mawa lake moni unkabweranso. Ena ankati n'kuuma mutu, ndipo kunena zoona kuuma mutu kunalipo, koma akabwerera kunyumba Mayi Anastaziya ankalira. Anasowa mwana, anasowanso mnzawo, ndipo chachiwirichi nthawi zina chinkapweteka kuposa choyamba, chifukwa utsi wa pakhomo pa mnzawoyo ankauona tsiku ndi tsiku.

Chaka china atatha kukolola Mayi Anastaziya anakwera kabasi kotchedwa shapa kupita ku Cuamba. Benvindo anakam'peza pafupi ndi siteshoni ya sitima akukankha njinga yodzaza matumba a makala a munthu wina, ataonda, maso ofiira, fungo la kachasu lili patsogolo. Kumaenje anali atasiya kalekale. Ataona kolona m'khosi mwa amayi ake anatembenuzira nkhope kumbali.

"Amayi, mukadavalabe chimenecho? Tayani m'chimbudzi. Chatidyera zokwanira."

"Iwe, unam'pha Pedro?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye nditayirenji?"

"Koma ndine ndinam'tenga. Ndine ndinatuluka, iye n'kutsala. Mwina anthu akunena zoona mwa njira ina."

"Ine ndi amene ndinapempha amayi ake kuti amulole," anatero Mayi Anastaziya. "Ngati pali katundu, tikusenza awiri. Koma katundu wathu ndi chisoni, si ufiti. Usasakanize ziwirizi. Tiye kumudzi."

"Sindingabwere. Amalume aja sindiwaopa kwenikweni. Ndimaopa maso a amake Pedro."

Anabwerera okha, atakhala pampando wa kumbuyo, zala zili pa mikanda njira yonse mpaka ku Mitande.

Ukalamba unawafika msanga. Maso anachita khungu pang'onopang'ono, mawondo anauma, munda unachepa. Mu Okutobala wa 2023, mwezi wa kolona, akhristu tinasonkhana m'kapela masana ena kupemphera. Tili pakati pa gawo lachinayi ulusi wa kolona wa Mayi Anastaziya unaduka. Njere ndi miyala zinamwazika pa simenti n'kugubuduzika mbali zonse, ndipo chimene chinachitika n'chochititsa manyazi kulemba: akhristu obatizidwa, makolona ali m'manja, anakweza mapazi ngati mwalowa njoka. Palibe anawerama. Mayi wokalambayo anagwada n'kuyamba kukwawa pakati pa mabenchi, akupapasa pansi, pemphero likupitirira pamwamba pa mutu wawo.

Njere anazipeza zonse. Miyala anapeza isanu ndi inayi. Wachikhumi unali utaima pa phazi la Mayi Veronika, ndipo iwo anaupondereza ndi chidendene mpaka anthu atatuluka, n'kuumanga pa mfundo ya kapulana, chitenje chawo chija. Eni ake anadzatiuza pambuyo pake kuti ankafuna kupita nawo kwa sing'anga, kuti chimene chinadya mwana wawo chionekere poyera.

Mayi Anastaziya potunganso kolona kunyumba anazindikira ndi zala kuti mwala wosowawo ndi uja wobenthuka m'mbali, ndipo ankadziwa amene anakhala pa benchi imene anapapasa osapeza kanthu. Pamalo pake sanaikepo njere, anangomanga mfundo. Bambo Alberto atawafunsa ngati asese m'kapela kuufunafuna, anati, "Musavutike, abambo. Sunatayike, wapita kwawo." Bambo Alberto anaganiza kuti ukalamba wayamba kulankhula.

Ulendo wa kwa sing'anga uja sunachitike. Tsiku lina kunali mvula, lina kunali kupalira, lina mwendo ukupweteka. Mwala unakhalabe pa mfundo ya kapulana, ndipo Mayi Veronika ankadikira kuti uwadwalitse kapena uwalotetse zoopsa, kuti akhale ndi umboni. Palibe chinachitika. M'malo mwake anayamba kudzipeza akuugubuduza pakati pa zala akakhala pakhonde, milomo ikuyenda yokha ndi Tikuoneni Maria, pemphero limene mtima wawo unkalikana chiikireni Pedro m'manda ngakhale pakamwa pankatsatira anthu m'kapela. Zinawakwiyitsa, koma sanaleke.

Chimanga cha chaka chathachi chitalowa m'nkhokwe, Mayi Anastaziya anagwa pabwalo, ndipo mbali yonse ya kumanja inafa. Kuchipatala anawabweza kuti akapumire kunyumba. Apadiri anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Amayi a Lejiyo anafika ndithu, mitu ili pansi, kudzaphika phala ndi kuchapa, koma kolona anali pachifuwa pa wodwalayo popanda womukhudza, ndipo dzanja lotsalalo linkanjenjemera moti mikanda inkapulumuka. Bambo Alberto anatumiza mawu ku Cuamba. Yankho linabwera lakuti Benvindo akulira koma sabwera.

Masana ena mthunzi unatseka khomo. Anali Mayi Veronika. Amayi a Lejiyo anayang'anana n'kutuluka mmodzimmodzi, kutsala Bambo Alberto pakona.

"Mwaswera bwanji, amake Pedro?" anatero wodwalayo, lilime likulemera.

Mayi Veronika anakhala pansi, anamasula mfundo ya kapulana, n'kuika mwala uja pamphasa. "Ndabweretsa chinthu chanu. Ndinachiba m'kapela."

"Simunabe. Ndi wanu."

"Wanga bwanji?"

"Anakumba ndi Pedro. Anandipatsa inu muli kuchigayo. Anati Benvindo asamadye mapemphero yekha."

Mayi Veronika anagwira pakamwa. Mawuwo anali a mwana wawo ndithu, kalankhulidwe kake kachipongwe komwe kaja, ndipo palibe akanawapeka. "Zaka zonsezi osandiuza?"

"Mukanamva? Ndipo anthu akanati chiyani? Tengani ulusi apo. Masulani mfundo iyi, mulowetse m'mphete zonse ziwiri. Ayi, osati choncho, mwapotoza. Inu manja anu n'kale lomwe ndi a khasu basi."

Mayi Veronika anaseka ndi misozi yomwe, n'kubwereza mpaka mwala unakhala pamalo pake. Atatha anaika kolona m'dzanja la mnzawo, dzanja lawo pamwamba, n'kumakankha mikanda umodziumodzi. Atafika pa gawo lofiira Mayi Anastaziya ananena mawu amene ankanena tsiku lililonse pofika pamenepo: "Gawo ili ndi la mzimu wa Pedro, mwana wathu." Mayi Veronika analephera kuyankha mapemphero khumi amenewo, ndipo anawayankhira Bambo Alberto.

Atamaliza, Mayi Veronika anafunsa kuti, "Ali kuti mwanayo?"

"Ku Cuamba, cha ku siteshoni. Koma akakuonani athawa."

"Ndiye nditani?"

"Weramani." Ndi dzanja lonjenjemera lija Mayi Anastaziya anakweza kolona, ndipo Bambo Alberto anawathandiza kumudutsitsa pamutu pa Mayi Veronika. "Akakaona uyu m'khosi mwanu, safunanso mawu."

M'mawa mwake mudzi wonse unaona Mayi Veronika akuyenda kupita kumsewu, miyala yofiira ili poyera pachifuwa. Sanadutse njira yachidule. Anadzera dala pakhomo pa alongo awo, amalume a Pedro aja, n'kuwauza kuti akupita kukatenga mwana wawo, ndipo amene ali ndi mpini ausungire khasu.

Dzuwa litapendeka Mayi Anastaziya anatsegula maso n'kufunsa Bambo Alberto kuti wapita ku Cuamba ndani. Anali ataiwala, kapena ankangofuna kumvanso.

"Apita amake Pedro, amayi."

"Okha?"

"Okha."

"Ndiye abwera," anatero. Anapempha madzi, anamwa pang'ono, anayamba Tikuoneni Maria zala zikuyenda pa nsalu pamene panalibe mikanda, ndipo asanafike kumapeto anapuma kotsiriza mofatsa ngati mwana wogona kumsana. Nkhope ya mwana wawo sanaione, ndipo izi zimatipweteka mpaka lero.

Mayi Veronika ndi Benvindo anafika mawa lake masana, anthu atasonkhana kale kumanda. Khamu linachita phokoso lapansipansi, ndipo mnyamatayo anaima kumapeto kwa njira. Mayi Veronika anam'gwira padzanja n'kudutsa naye pakati pa anthu, pamaso pa amalume aja, mpaka pa dzenje. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe," anatero mokweza kuti onse amve. "Uyu ndi amene wanditsalira." Benvindo atawerama kuponya dothi anadzandira, ndipo dzanja lomwe lija limene linagwira amayi ake m'mphepete mwa dzenje mumsasa wa ku Malawi linam'gwira iyenso mkono kuti asagweremo.

Mayi Anastaziya tinawaika ndi kolona wa njere za m'dambo m'manja, mmodzi mwa ambiri amene anatungira anthu ena. Wa miyala uja ali m'khosi mwa Mayi Veronika, ndipo mwezi wa kolona ukafika amapita naye nyumba ndi nyumba. Amene anakweza mapazi m'kapela tsopano amamulandira ndi manja awiri, ndipo ndi bwino kutero, ngakhale kuti kuwerama kukanakoma tsiku lija. Benvindo akulima munda wa amayi ake. Kachasu akulimbana naye, masiku ena amagwa, ndipo tikupempha akhristu kuti amuike m'mapemphero m'malo momuika m'nkhani.

Mwambo wa maliro utatha, ntchito yoyamba imene Mayi Veronika anam'patsa Benvindo inali yogumula njerwa zija zimene zinatseka khomo lakale. Anagumula yekha, iwo ataima pambali kum'kalipira kuti asawononge mphuthu. Makomo awiri aja akuyang'anizananso.

Ambuye amene anaona mdzakazi wawo akukwawa pakati pa mabenchi athu amudzutse okha, amukhazike pamalo a ulemu, ndipo mzimu wake uuse mumtendere pamodzi ndi wa Pedro.